Musanasamuke koleji chifukwa cha zolembalemba

Ophunzira a muno mu Lilongwe amene mtima wawo uli pa ndakatulo ndi nkhani zopeka amalakalaka Zomba, ndipo m'pomveka: ku Chancellor College, lero University of Malawi, n'kumene gulu la alembi la Writers' Group linayambira mu 1970, mlakatuli Jack Mapanje ali m'gululo. Koma musafulumire kutsanzika kumene muli.

Yambani mwafufuza ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ngati maphunziro anu apano ndi ovomerezeka. Ngati sali, zimene mwakhoza kale sangaziwerengere kwina. Kenako katengeni kwa registrar transcript yodindidwa, pamodzi ndi course outline (ndondomeko ya mitu yophunziridwa) ya phunziro lililonse. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Transcript imangoonetsa dzina la phunziro ndi magiredi, pomwe akuluakulu a dipatimenti amafuna kuona mitu ndi maola amene munaphunzira asanakuloleni kudumpha chaka choyamba. Ngongole ya fizi malizani, chifukwa wangongole sapatsidwa transcript.

Funsaninso ophunzira a ku Zombako ngati m'kalasi amawerengerana zolemba zawo n'kukonzana, kapena amangosanthula mabuku a ena. Kwa wolemba, chofunika n'choyambacho.

Kalata yokulandirani ifike kaye m'manja, ndiye mulembe yosiyira.