Tsiku limene jekete langa linagulitsidwa ndili moyo

M'chaka changa choyamba ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, agogo ena oyandikana nawo nyumba anandipempha kuti ndikawathandize kugulitsa katundu pa Koningsdag, tsiku lokondwerera kubadwa kwa Mfumu Willem-Alexander, lomwe limakhalapo pa 27 April. Anandifotokozera kuti pa tsikuli munthu aliyense amaloledwa kuyala katundu wake wakale m'mbali mwa msewu n'kumagulitsa popanda chiphaso, ndipo msika umenewu amautcha vrijmarkt. Ine, amene ndinakulira pa kaunjika wa ku Lilongwe, ndinavomera modzitama, poganiza kuti pa nkhani ya malonda a pansi azungu alibe choti angandiphunzitse.

Lamulo lomwe agogowo ananditsindikira linali la zovala. Popeza banja lachifumu limatchedwa Oranje-Nassau, dziko lonse limavala za mtundu wa olenji, kotero nanenso ndinagula malaya otero. Nditatumiza chithunzi kumudzi, amalume anayankha mwachangu pofunsa ngati ndalowa chipani cha PP, ndiponso ngati kunoko chimagawa nsalu.

M'mawa kunkazizira, choncho pamwamba pa malayawo ndinavala jekete langa lakuda, lomwe ndinaligula pa kaunjika ndisananyamuke, nditatha theka la ola ndikunenerera mtengo. Tinayala bulangete pamalo omwe agogo anali atalembapo kale ndi choko mawu akuti "bezet", kutanthauza kuti malowo ali ndi mwini wake, ndipo ndalama zinkasungidwa ndi mdzukulu wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Dzuwa litatentha ndinavula jekete lija, ndinalipinda bwinobwino monga ndinaphunzitsidwira kwathu, n'kuliika pakona ya bulangete, kenako ndinapita kukagula keke yotchedwa tompouce. Keke imeneyi, yomwe pa tsikuli imapakidwa za olenji pamwamba, sidyeka mwaulemu, chifukwa ukangoiluma kirimu yense amathawira m'mbali, ndipo ndinachedwa kumeneko ndikudzipukuta kuchibwano.

Pobwerera ndinapeza mwana uja akumwetulira ngati wopambana mayeso. Anandiuza kuti wagulitsa jekete lakale lija pa mayuro awiri, ndiponso kuti wogulayo sananenerere n'komwe. Mtima wanga unagwa, osati chifukwa cha mtengo wokhawo, ngakhale kuti unali wachipongwe, koma chifukwa m'thumba mwake munali makiyi a nyumba ndi a njinga. Nditamufunsa kuti wogulayo ankaoneka bwanji, anayankha mosakayika kuti anali bambo wamtali wovala za olenji. Ndinatembenuka n'kuona khwalala lonse litadzaza ndi abambo aatali ovala za olenji.

Ndinayenda m'mphepete mwa ngalande ya Oudegracht kwa ola lathunthu, ndikudutsa ana oimba zeze wachizungu kuti aponyeredwe makobidi, ndikusuzumira m'matumba a anthu osawadziwa mpaka ena anayamba kukumbatira zikwama zawo. Chomwe chinandipulumutsa ndi mphepo yozizira yomwe inayamba masana, chifukwa pafupi ndi nsanja ya Dom ndinaona munthu mmodzi yekha wovala zakuda pakati pa khamu lonselo, manja a jekete akumulekeza pakati pa mkono.

Ndinamupatsa moni mwaulemu wonse, ndipo ndinamufotokozera mbiri ya jeketelo kuyambira pa belo lomwe linatulukamo. Bamboyo anaseka mpaka misozi, anandibwezera makiyi nthawi yomweyo, koma pa jekete ananena kuti lero ndi tsiku la malonda, ndipo mtengo wake tsopano ndi mayuro asanu. Ndinayesa luso langa lonse la pa kaunjika, ndinanamizira ngakhale kuchokapo kuti andiitane, koma iye anangondiyang'ana ndikupita, ndipo ndinabwerera ndekha mwamanyazi n'kulipira.

Nditafika pa bulangete paja, agogo anapepesa kwambiri ndipo analamula mdzukulu wawo kuti andipatse ndalama zanga. Mwanayo anawerenga mosamala n'kundipatsa yuro imodzi ndi theka, akunena kuti zotsalazo ndi zake chifukwa ndiye anagwira ntchito yogulitsa.