Mmene ndimayambira tsiku m'nyengo yozizira ndili ndekha

Ndimakhala ndekha m'chipinda chimodzi ku Mufakose, dera la mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo kuchokera pamene adokotala anandiuza kuti chifuwa chachikulu chinatha koma chinasiya zipsera m'mapapo, ntchito ya m'mawa ndimaiyamba usiku. Ndisanagone ndimaika pampando wapafupi ndi bedi inhela yanga ya salbutamol (kachipangizo kopopera mankhwala otsegula njira za mpweya), madzi akumwa, foni yotchaja kale ndi tochi, chifukwa magetsi akazima m'bandakucha sindingathe kupapasa mumdima phuma litandigwira.

Ndikadzuka sindiimirira msanga. Ndimakhala m'mphepete mwa bedi, n'kuwerama zigongono zili pamaondo, kenako ndimakoka mpweya ndi mphuno ndikuwerenga mpaka kuwiri, n'kuutulutsa pang'onopang'ono nditasongola milomo ngati woziziritsa phala, ndikuwerenga mpaka kunayi. Harare ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chimamanga chifuwa kotero kuti wothamangira kuchitseko amakathera pansi.

Mtima ukakhazikika ndimatenga inhela. Anamwino anandionetsa kuboola kunsi kwa botolo lapulasitiki la 500ml, kulowetsamo inhelayo, ine n'kumapumira kukamwa kwa botolo, kuti mankhwala asathere palilime. Ndimaigwedeza, ndimapopera kamodzi kokha, ndimakoka modekha, ndimasunga mpweya masekondi 10 ngati ndingathe, ndipo ndimadikira mphindi imodzi ndisanabwereze. Kale ndinkapopera kawiri motsatizana poganiza kuti ndipeza bwino msanga, koma ndinkangomwaza mankhwala ogula ndi ndalama zosowa. Pambuyo pake ndimatsokomolera m'kachitini n'kuyang'anitsitsa makhololo. Akakhala oyera ndimapitiriza tsiku langa, koma akasanduka achikasu kapena obiriwira, kapena akaoneka ndi magazi, ndimapita kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti mwina mawa zisintha.

Mbaula ndinaisiya, ngakhale inkandifunditsa bwino, popeza utsi wa makala m'chipinda chotseka unkandibanikitsa mpaka masana. Tiyi ndimawiritsa pa gasi nditatsegula zenera pang'ono. Posamba ndimakhala pampando, madzi ofunda ali m'beseni pafupi, ndipo ndimavala nditakhala pansi, chovala chimodzi, kupuma, kenako china. Ndowa yodzaza sindiinyamulanso kuchokera kumjigo. Amanditungira ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo.

Chimene chinandivuta kwambiri chinali kupereka kiyi wachiwiri kwa amayi ake a mnyamatayo, omwe makolo awo anachokera ku Ntcheu monga anga, chifukwa ndinkaona ngati ndikudzisandutsa mtolo wa anthu. Tinapangana kuti 8 koloko ikakwana katani wanga asanatsegulidwe, iwo agogode kawiri, ndipo ndikapanda kuyankha alowe. Masiku ambiri ndimawapeza ali kale panja ndi tsache, ndipo amafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo, chifuwa chagona?" Ndimayamba ndakweza dzanja, mawu amabwera pambuyo mpweya ukakwanira.