Chisanza m'paipi ya mabuleki

Lero ndi Lolemba, koma za Loweruka zikundiwawabe mumtima.

Ndimayendera mabogi pa kanjanji kena ku Britain komwe timanyamula alendo pa sitima zakale za malasha. Mabogi athu ndi a Mark 1, mtundu uja unayamba kupangidwa mu 1951. Sabata yathayi inayamba mwa masiku onse. Lolemba ndi Lachiwiri ndinali kunsi kwa mabogi, kuyeza mawilo ndi kusintha mabuloko a mabuleki amene aperepeseka. Lachitatu ndinalimbana ndi dzimbiri la m'munsi mwa zitseko, lija silitha. Lachinayi ndi Lachisanu, mapepala okhaokha.

Loweruka m'mawa tinawonjezera mabogi atatu kumbuyo chifukwa matikiti anagulidwa onse. Atatuwo anakhala m'shedi nyengo yonse yozizira. Pomaliza kulumikiza n'kuti tachedwa ndi mphindi 20, anthu ali thithithi papulatifomu. Dalaivala anakweza vacuum, kutanthauza kupopa mpweya kuuchotsa m'paipi ya mabuleki yodutsa sitima yonse kuti mabuleki amasuke, kufika pa mainchesi 21, geji yake ikuonetsa bwinobwino. Apo m'pamene amanijala anandipeza.

"Achimwene, geji yakwana. Imbani wezulo izipita."

Ndinati, "Bwana, kumbuyo sitinayese."

Anandiyankha kuti sitima yathu sipitirira mamailosi 25 pa ola, ndiye palibe choopsa. Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri ndipo amandinyansa. N'zoona kuti liwiro lochepali ndi limene limatichotsa pa malamulo ena a mu 1999, aja amaletsa mabogi a Mark 1 ndi zitseko zopanda loko wokhoma zonse pamodzi pa njanji zikuluzikulu pokhapokha pali chilolezo chapadera. Koma chitunda sichidziwa zimenezo. Njanji yathu ili ndi mtsetse, ndipo bogi lililonse limalemera matani oposa 30.

Ndinayenda mpaka kumapeto, n'kuchotsa paipi yomaliza pa chotsekera chake. Inachoka mosavuta, osamveka kuyamwa mpweya ngakhale pang'ono. Ndinafunsa dalaivala pa wailesi. Anati muvi wake uli pa 21 pomwepo, sunagwedezeke. Thupi lonse linachita tsembwe.

Anzanga a ntchitoyi mwamva kale tanthauzo lake. Mpweya ukalowa m'paipi, geji ya ku injini iyenera kugwa, mabuleki n'kugwira sitima yonse. Ikapanda kugwa, ndiye kuti pena pake patseka. Mabogi atatu akumbuyo aja anali atamasulidwa mabuleki pokankhidwa m'yadi, choncho akanayenda ulendo wonse opanda chowagwira, atadzaza makolo ndi ana.

Tinamasula mapaipi imodzi imodzi. Pa kulumikiza kwachitatu kuchokera kumbuyo ndinasolola chisanza cha mafuta, chokulungidwa bwino. Wina anachitsindira m'menemo miyezi yapitayo kuti fumbi lisalowe, osalemba paliponse.

Ndili nacho m'manja, ndinakumbukira ngozi ya ku Armagh, kumpoto kwa Ireland. Mu 1889 sitima yonyamula ana a Sande sukulu inakanika chitunda, anaidula pakati, ndipo mabogi akumbuyo anabwerera okha n'kuwombana ndi sitima ina. Anafa anthu 80. Chaka chomwecho boma linalamula kuti sitima za anthu zikhale ndi mabuleki ogwira okha, ofika bogi lililonse. Kuyesa kumene ankafuna tidumpheku kunachokera pa maliro amenewo.

Woika chisanzayo sindikumukwiyira. Ndi mmodzi mwa odzipereka athu, anthu obwera osalipidwa. Chimene chikundipweteka n'chakuti woyendera mabogi ndatsala ndekha chichokereni mnzanga chaka chatha. Ndapempha kangapo kuti tikhale ndi buku lolembamo chilichonse chotsekedwa kapena chomasulidwa pa bogi lisanatuluke m'shedi, ndipo yankho limakhala lakuti tiona. Koma ndalama za utoto watsopano wa pasiteshoni zinapezeka.

Sitima inanyamuka itachedwa ndi ola lathunthu, titayesanso kawiri, muvi ukugwa mpaka pansi. Amanijala sanandilankhule mpaka madzulo. Lipoti ndalemba dzulo, ndipo chisanzacho ndachiika m'pulasitiki, chili pa tebulo lawo.