Kastellorizo: mudzi umene ndinaulondola m'kalembera

Aphunzitsi athu a phunziro la chiwerengero cha anthu anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe mudzi umodzi wakunja, aulondole m'mabuku a kalembera, kenako afotokoze chimene chinachulukitsa kapena kuchepetsa anthu ake. Ine ndinasankha Kastellorizo, kachilumba ka dziko la Greece komwe kali ndi mudzi umodzi wokha, womangidwa mozungulira doko. Ukaima padokopo, gombe la Turkey umaliona bwinobwino, pa mtunda wa makilomita 2 okha, pomwe Athens ali makilomita oposa 500 kutali.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 m'mudziwu munali anthu pafupifupi 10,000. Kalembera wa 2011 anapezamo 492.

Nditaona zimenezi ndinathamangira kuloza chala nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo umboni unalipo wokwanira. Mu 1943 ndege za Germany zinaponya mabomba pamudziwu, Angerezi nasamutsira anthu ku msasa wa Nuseirat ku Gaza. Mu 1944 moto unapsereza nyumba zambirimbiri eni ake kulibe. Mu September 1945 sitima ya Empire Patrol, yomwe inkawabweza kwawo, inagwira moto panyanja, anthu 33 nafa. Ndinalemba masamba atatu mtima uli kuwawa, nkupereka.

Aphunzitsi anangolemba funso limodzi m'mphepete mwa tsamba: nkhondoyo isanayambe, munali mutatsala anthu angati?

Ndinabwerera ku tebulo langa la ziwerengero za kalembera. Sankafika ndi 3,000 omwe. Ambiri anali atachoka kale bomba loyamba la nkhondoyo lisanagwe.

Apa m'pamene ndinayamba kuwerenga zenizeni. Kachilumbaka n'kamiyala, kolima n'kochepa, madzi ake anali amvula osungidwa m'zitsime. Anthu 10,000 aja ankadya za panyanja. Zombo zawo zoyendera mphepo zinkanyamula matabwa ndi makala kuchokera ku gombe la Anatolia, tsidya lija la Turkey, kupita ku Egypt. Zitabwera sitima zoyendera nthunzi, zombo zija zinasowa katundu. Kenako France inatenga chilumbacho mu 1915, Italy mu 1921, ndipo mu 1923 Greece ndi Turkey zinasinthana anthu, moti Agiriki a tsidya lija, omwe anali anzawo a malonda komanso abale, anachotsedwa onse. Gombe lomwe linkawadyetsa linasanduka dziko la eni. Chivomezi cha 1926 chinangowonjezera chilonda pa chilonda.

Anapita kuti? Ambiri ku Australia, makamaka Perth ndi Sydney, komwe zidzukulu zawo lero n'zochuluka kutalitali kuposa otsala kumudzi. Powerenga gawo limeneli ndinakumbuka mawu athu oti mtchona, amene agogo ankatchula amalume awo omwe anapita ku migodi ya ku Joni osabweranso. Koma kwathu amayi ndi ana ankatsala akusunga mudzi. Ku Kastellorizo ankanyamuka banja lonse, nkutseka chitseko.

Chilumbachi chinalowa m'manja mwa Greece mu 1948, koma anthu anapitirizabe kuchepa mpaka kutsika pansi pa 300. Zaka zaposachedwa ayamba kukwerako pang'ono, ndipo zidzukulu za ku Australia zija zikukonza nyumba za makolo awo, nkumabwera nyengo yotentha. Pa chiwerengero cha kalembera cha anthu okhazikika, amenewa sawerengedwa. Ntchito yanga ndailembanso kuyambira pa zombo za makala, ndipo Lolemba ndikawafunsa aphunzitsi kuti nyumba yopakidwa penti watsopano, yotsekedwa miyezi khumi pachaka, ndiiike mbali iti ya tebulo.