Zilembo zoyera pa timabogi tanga ta Malawi Railways

Pulinta ya kunyumba kapena ya ku ofesi ilibe inki yoyera. Ili ndi mitundu inayi basi: ya buluu wowala, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Pamene chithunzi chikufuna poyera, makinawo amangolumphapo n'kusiya pepala lokha kuti lionekere. Pa kalata palibe vuto chifukwa pepala ndi loyera kale. Koma ife omanga tisitima tating'ono sitisindikiza pa pepala wamba. Timasindikiza pa kachikopa kopyapyala koonekera mkati, kamene timaviika m'madzi n'kukasendezera pa bogi, kaja timati decal. Mukalemba nambala yoyera pa kompyuta n'kuitumiza ku pulinta yotere, kachikopako kamatuluka kopanda kanthu.

Anzanga a ku kalabu ya omanga tisitima kuno ku Britain sadandaula nazo zimenezi. Wofuna zilembo za mabogi a British Railways amangogula zopangiratu kwa a Fox Transfers kapena a Railtec, ndipo wa ku America ali ndi a Microscale amene ali ndi zilembo za makampani a njanji osawerengeka. Ine zanga n'zina. Ndinakulira ku Limbe, kufupi ndi likulu la njanji, ndipo zimene ndimamanga ndi mabogi akatundu a nthawi ya Malawi Railways, kampani ya Central East African Railways isanatenge ntchitoyi mu 1999. M'masitolo onse amene ndafufuza sindinapezemo pepala ngakhale limodzi la zilembo za njanji ya kwathu. Ndiye wofuna zimenezi ayenera kudzipangira.

Ndiyambe ndi kukula kwake, chifukwa ndi kumene kumagamula njira yoti mutsate. Njanji ya ku Malawi, monganso ya ku Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, ndi yotalikirana mamilimita 1,067. Ine ndimamanga pa muyeso wa 1:64, kutanthauza kuti chilichonse chimachepetsedwa ka 64, chifukwa pamenepo njanji yathu imagwirizana bwino ndi tinjanji ta mamilimita 16.5 topezeka m'sitolo iliyonse ya tisitima. Chilembo chimene pa bogi yeniyeni n'chotalika masentimita 10 chimatsika kufika pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Wogwiritsa ntchito muyeso wa HO, wa 1:87, chake chimangopitirira milimita imodzi pang'ono. Ndipo pa bogi imodzi pamakhala nambala yake, kulemera kwake ikakhala yopanda katundu, katundu amene ingasenze, ndi tizilembo tina ta ku malo okonzera, mbali zonse ziwiri. Dzanja la munthu ndi burashi sizingathe.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi pepala la decal loyera. Mumatembenuza ntchito: m'malo mosindikiza zilembo, mumasindikiza mtundu wa bogiyo mozungulira zilembozo, n'kusiya zilembo zili mbee. Kenako mumadula kabokosi konseko n'kumata. Pa bogi yakuda zimatheka ndithu, chifukwa chakuda ndi chakuda sizisiyana kwenikweni. Zimathekanso pamene bogi yeniyeniyo inali ndi kachigamba kakuda kuseri kwa nambala, ngati mmene a British Railways ankachitira pa mabogi awo otuwa. Pa mitundu ina ndi pamene pali chintchito. Kufiira kwa penti ndi kufiira kwa inki sikufanana, ndipo ngakhale mufananitse pansi pa babu usiku, kukacha pa dzuwa chigamba chimaonekera. Chinanso, m'mphepete mmene mwadutsa lezala mumatsala kamzere koyera kozungulira, kofunika kukakhudza ndi nsonga ya burashi. Ngati pulinta yanu ndi ya inki yamadzi, muyenera kuwaza vanishi pamwamba ndi kudikira kuti iume musanaviike, apo ayi inki yonse itsalira m'mbale.

Zilembo zikuluzikulu zili ndi njira yake imene ndimaikonda kwambiri. Mumayamba mwapenta malowo ndi penti yoyera, ikauma mumamatapo zilembo za pulasitiki yomata zodulidwa ndi makina ngati a Cricut kapena Silhouette, kenako mumawaza mtundu wa bogi pamwamba ponse. Mukamatula pulasitikiyo, zilembo zimatsala zoyera, ndipo ndi penti yeniyeni, yopanda kachikopa kalikonse. Pa zikwangwani za masiteshoni, monga cha Balaka kapena cha Nkaya, palibe chimene chimaposa pamenepa. Koma kampeni ka makinawo kali ndi malire. Zilembo zikachepa kwambiri, timabowo ta mkati mwa 8 ndi mwa A timang'ambika kapena kuchoka pamodzi ndi zinyalala.

Palinso zilembo zokhutiza, zimene mumaika pepala lake pamalo n'kukhutiza kumbuyo ndi pensulo yobuntha mpaka chilembo chitsalire. A Woodland Scenics amagulitsa zoyera za misinkhu yosiyanasiyana. Kuzikhutizira pa bogi penipeni n'kovuta chifukwa pali timizati ndi timisomali totumphuka. Chanzeru n'kuzikhutizira pa pepala la decal loonekera mkati lili pa tebulo, molondola kamzere ka pensulo, n'kupaka Liquid Decal Film (mankhwala amadzi amene akauma amasanduka kachikopa koteteza) pamwamba, kenako n'kumata mawu onse pamodzi. Vuto lake n'lakuti kalembedwe ndi kamene iwo anasankha, osati kamene kanali pa bogi yanu, ndipo manambala amene mumawafuna kwambiri ndi amene amayamba kutha.

Tsopano makina amene amaikadi choyera. Akuluakulu a ntchitoyi mukawafunsa amatchula ALPS, mapulinta a ku Japan a mtundu wa MD-1000, MD-1300 ndi MD-5000. Amenewa sagwiritsa ntchito inki yamadzi kapena yaufa. Ali ndi timariboni tonga ta kaseti, ndipo mutu wa makina umatenthetsa riboni kuti utoto usamukire pa pepala, mtundu umodzi pa ulendo umodzi, pepala likubwerera mmbuyo osachoka m'makina. Chifukwa cha zimenezi mutha kuyala choyera pansi, n'kubwerezanso choyera, n'kuika chachikasu pamwamba pake, zonse zikugwera malo amodzimodzi. Analinso ndi riboni ya golide ndi ya siliva. Ndinaona pepala lotuluka m'makina amenewa kwa mkulu wina wa ku kalabu, tizilembo tosakwana milimita imodzi tikuwerengeka bwinobwino pa galasi lokulitsa, ndipo ndinamvetsa chifukwa chimene anthu amawasungira ngati dzira. Koma anasiya kupangidwa kalekale. Amene alipo ndi akale, amafuna kompyuta ya Windows yakale ngati XP, mariboni ake akusowa ndi kukwera mtengo chaka ndi chaka, ndipo mutu ukapsa makina onse atha. Munthu woyamba lero sindingamulangize kugula.

Zamakono ndi toner yoyera, inki yaufa ya mapulinta a laser. A OKI anapanga makina ake enieni, monga C711WT ndi Pro8432WT, koma mtengo wake ndi wa anthu a bizinesi yosindikiza malaya, osati wa munthu wa timabogi khumi pa shelefu. Yofikirika ndi ya kampani ya ku Germany ya Ghost, imene imagulitsa katiriji ya ufa woyera yolowa m'malo mwa katiriji yakuda m'mapulinta ena a HP ndi Canon. Makina sadziwa kuti mwawasinthira. Inu mumalemba zilembo zakuda pa kompyuta, iwo n'kutulutsa zoyera. Pamafunika kusamala kuti chakudacho chikhale chakuda chokhachokha, chosasakaniza ndi mitundu ina, apo ayi makina athira buluu ndi kufiira pa zilembo zanu. Pepala nalo likhale la laser, chifukwa mkatimo mumatentha ndipo pepala la inki yamadzi likhoza kusungunukira momwemo.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhazikike pang'ono, chifukwa otsatsa malonda sanena. Pa pepala la decal, limene nthawi zambiri limakhala la buluu wotuwa, choyera chilichonse chimaoneka chowala. Mayeso enieni ali pa bogi yakuda. Toner yoyera ikhoza kutuluka yopyapyala, ngati laimu wopaka kamodzi pa njerwa zootcha: wayera inde, koma njerwa ikusuzumira. Pa bogi yokalamba, yodya fumbi la Chigwa cha Shire zaka zambiri, kutuwa kumeneku n'kokoma, mwina kuposa choyera cha mbee. Pa injini yongotuluka kumene ku penti sikukwanira. Ena amabwereza pepala m'makina kachiwiri, koma pulinta ya laser sigwira pepala pamalo amodzimodzi ndendende, ndipo pa chilembo cha milimita imodzi ndi theka kusuntha pang'ono chabe kumabala zilembo ziwiri zogundana. Chimene chimandithandiza ine ndi kusindikiza mawu aliwonse kawiri, kumata oyamba, kudikira mpaka mawa, n'kusanjikiza achiwiri pamwamba ndikuyang'ana pa galasi. Kachikopa konyowa kamalola kukasuntha ndi nsonga ya burashi mpaka kagwirizane. Makina sakupatsani mwayi umenewo.

Nkhani yomweyi imakhudza zilembo zachikasu ndi zofiira. Inki ya pulinta ndi yoonekera mkati, ndiye chikasu chomatidwa pa bogi yakuda chimangozimirira. Chimafuna choyera pansi pake.

Nditayesa njira zimenezi, maganizo anga ndi awa: pa tizilembo tating'ono, jambulani nokha koma mupereke kwa wina asindikize. Alipo anthu ndi timakampani, kuno ku Britain ndi ku America komwe, amene ali ndi makina oika choyera ndipo amalandira ntchito ya munthu mmodzi. Pepala limodzi lodzaza bwino limakwanira mabogi ambirimbiri, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wa pulinta ndi katiriji zimene zikhala chaka chonse osagwira ntchito. Kugula makina kumamveka ngati muli gulu losonkherana, kapena ngati mukufuna kumasindikizira ena.

Ntchito yeniyeni, imene palibe angakugwirireni, ndi kujambulako. Ine ndimagwiritsa ntchito Inkscape, pulogalamu yaulere. Ndimaika chithunzi cha bogi pansi, n'kuchichepetsa mpaka kutalika kwake kufanane ndi kabogi kanga, kenako n'kulondola chilembo chilichonse pamwamba pake. Zilembo zambiri za pa mabogi akatundu zinkapentedwa ndi chitsulo chobooledwa, choncho zili ndi timipata todukiza, pa O, pa R, pa 6. Timipata timeneti ndi timene timachititsa kuti munthu wa ku Limbe akaona anene kuti iyi ndi yathu. Kalembedwe ka pa kompyuta kongotola sikangakupatseni zimenezo. Mizere yopyapyala kwambiri ndimainenepetsa pang'ono kuposa muyeso wake weniweni, chifukwa choyera chikachepetsa chimatuluka chodukaduka. Musanatumize, sandutsani zilembo zonse zikhale zojambula, kuti kompyuta ya wosindikiza isasinthe kalembedwe, ndipo yambani mwasindikiza zakuda pa pepala wamba, kudula ndi kuyesa pa bogi ngati zikukwana pakati pa timizati. Malo otsala pa pepala musawasiye: dzazanimo manambala kuyambira 0 mpaka 9 mizere ingapo, chifukwa ena adzapindika pomata.

Mapepala osindikizitsa chonchi nthawi zambiri amakhala kachikopa kamodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndiye muyenera kudula moyandikira zilembo ndi lezala yatsopano. Pomata, malowo akhale osalala ndi onyezimira. Pa penti yosawala mpweya umatsekeredwa pansi ndipo kachikopa kamaoneka ngati siliva kuzungulira zilembo. Ndimapaka Micro Set (mankhwala othandiza kachikopa kumata) pansi, kusendeza decal, kumwetsa madzi ndi kansalu, kenako Micro Sol (mankhwala ofewetsa kachikopa) pamwamba. Mukatero kachikopa kamachita makwinya moopsa, koma musakakhudze. Kakamauma kamadziwongola kokha n'kukumbatira timisomali tonse. Tsiku lotsatira mumawaza vanishi yosawala, ndiye fumbi ndi dzimbiri zibwere pambuyo. Zolemba za choko zimene anthu osanja mabogi ankalemba m'mbali, zimenezo ndimangolemba ndi pensulo yoyera yosongoka bwino, pamwamba pa vanishi, ndipo zikapotoka ndi mmene zinalili.

Chimene chikundichedwetsa panopa si makina ayi, ndi zithunzi. Zambiri zimene ndili nazo anajambula chapambali, sitima ikubwera, maso onse ali pa injini, mabogi akungooneka chizimezime kumbuyo. Wojambula zilembo amafuna chithunzi cha bogi imodzi, choyang'ana mbali yake molunjika, nambala ikuwerengeka. Pepala langa lotsatira lili ndi malo opanda kanthu a mabogi onyamula mafuta ndi kabogi ka gadi kakumapeto. Abale amene makolo anu anagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ku Salima kapena ku Nsanje, tsegulani ma alubamu aja. Ngakhale chithunzi cha bambo ataima kutsogolo kwa bogi, theka la nambala litabisika ndi phewa lawo, chindithandiza kudziwa mmene 4 ndi 7 ankalembedwera.