Mabanzi a sinamoni opepuka, okanda ndi mbatata ya kholowa

Banzi la sinamoni limanenepetsa chifukwa cha majarini amene amapakidwa mkati, shuga amene amawazidwa pa majariniwo, ndi phala loyera lotsekemera lija amathira pamwamba. Ufa nawo uli ndi mbali yake, koma ufawo ndiye banzilo, simungauchotse. Ine ndimaphika mabanziwa kwathu kuno ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, ndipo chimene ndimachita n'kuchepetsa zitatu zija mpaka pamene banzi likadali banzi, kenaka mbatata ya kholowa n'kugwira ntchito imene mafuta akanagwira.

Mabanziwa kwawo ndi ku Sweden, kumene amawakonda mpaka anawapatsa tsiku lawolawo, pa 4 October, kuyambira mu 1999. A kumeneko amakhala aang'ono ndipo sathira phala pamwamba. Anthu a ku America ndi amene anawakulitsa. Banzi limodzi lalikulu la kampani ya Cinnabon lili ndi makalori 880 (makalori ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi), pamene munthu wamkulu amafuna makalori pafupifupi 2,000 tsiku lathunthu. Maphikidwe ambiri amene timawaona pa Facebook ndi YouTube amatsata a ku America amenewa. Ndinawerengetsera amene ndinkatsata kale: ufa magalamu 500, majarini 225, shuga 425 kuphatikiza wa pamwamba, mkaka ndi dzira. Pogawa pa mabanzi 12, lililonse limafika makalori pafupifupi 440. Amene ndikulongosola pano amakhala pa 250.

Masamu ake si ovuta. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, ya shuga ili ndi 4. Mbatata yowiritsa yolemera magalamu 100 siifika n'komwe makalori 80, pamene majarini olemera chimodzimodzi amapitirira 700. Ndiye mukachotsa majarini n'kuikapo mbatata, mwapindula kwambiri kuposa kulimbana ndi china chilichonse.

Ndimayamba ndi kumsika. Mbatata yofunika ndi yofiira mkati ija, ya mtundu wa lalanje. Yoyera imatheka, koma ndi youma, ndipo banzi silikongola. Khungu limanamiza, choncho ndimafunsa.

"Amayi, yofiira mkati muli nayo?"

"Ilipo mwanangu, nayi apa," amatero, n'kukanda khungu ndi chikhadabo kuti ndione mkati.

Mbatata imeneyi ili ndi vitamini A wambiri, ndipo yafala m'dziko muno chifukwa cha ntchito ya akatswiri a zaulimi monga Mayi Maria Andrade, amene analandira mphoto ya World Food Prize mu 2016 pamodzi ndi anzawo. Kuithira mu buledi si nzeru yanga ayi, ophika buledi a ku Zambezia anayamba kale.

Sinamoni m'masitolo a kuno mumupeza ndi dzina loti canela, wogayagaya, m'timapaketi. Ndimanunkhiza kaye ngati paketi ikulola, chifukwa wokhalitsa amangosanduka fumbi lofiira lopanda fungo, ndipo popeza shuga tamuchepetsa, sinamoniyo ndi amene akuyenera kunyamula banzi lonse. Pa yisiti samalani. Mukangonena kuti fermento, wogulitsa akhoza kukupatsani baking powder wa makeke. Nenani kuti mukufuna wa buledi, wa timibulu tating'onoting'ono.

Zimene ndimasonkhanitsa ndi izi: ufa wa tirigu magalamu 450, mbatata yophwanya magalamu 200, mkaka mamililita 150, dzira limodzi, mafuta ophikira masupuni aakulu awiri, shuga magalamu 30, yisiti masupuni aang'ono awiri, mchere supuni yaing'ono imodzi. Za mkati ndi majarini magalamu 30, shuga wabulauni magalamu 70 ndi sinamoni masupuni aakulu awiri. Kasikelo ka kukhitchini ndi kothandiza kwambiri, chifukwa kapu ya ufa yotapa ine ndi yotapa inu sizilemera mofanana. Ngati mulibe, ufawo ndi makapu atatu ndi theka, mbatata isadzaze kapu, ndipo shuga supuni yaikulu imodzi ndi magalamu pafupifupi 12.

Mbatata ndimaiwiritsa ndi khungu lomwe kuti isamwe madzi ambiri. Ikapsa ndimasenda idakali yotentha, n'kuiphwanya ndi foloko, kenaka n'kuidutsitsa pa sefa poikankha ndi supuni. Apa ulesi suthandiza. Ulusi wa mbatata ndi timibulu totsala zimang'amba ufa mukamauyala. Ndikatero ndimaisiya izizire.

Mkaka ndimaufunditsa pang'ono chabe, woti chala chikhalemo osamva kutentha. Yisiti imafa ikakumana ndi kutentha kwa madigiri 60, ndipo ikafa banzi lanu ndi mwala. Mu mkakamo ndimathira yisiti ndi shuga wa magalamu 30 uja, n'kudikira mphindi khumi. Pamwamba pakachita thovu ndiye kuti ili moyo. Ndimathiramo dzira, mafuta ndi mbatata, n'kutakasa, kenaka ufa wosakaniza ndi mchere. Sinamoni salowa muno. Amafooketsa yisiti, choncho malo ake ndi mkati mwa mpukutu basi.

Pokanda ndi pamene pagona nkhani. Ufa wokhala ndi mbatata umamata m'manja poyamba, ndipo mtima umakuuzani kuti muwonjezere ufa wouma. Musaumvere. Dzanja lililonse la ufa limene mwawonjezera ndi makalori amene mumathawa aja, komanso banzi limauma. Ine ndimadontheza mafuta pang'ono m'zikhatho, n'kumakankha ndi chidendene cha dzanja, kupinda, kutembenuza, kukankhanso. Pakatha mphindi zisanu umayamba kusiya thebulo wokha. Pofika mphindi khumi kapena khumi ndi ziwiri umakhala wosalala, wachikasu, ndipo mukaudina ndi chala dzenje limabwerera pang'onopang'ono. Ndimabudula kachidutswa n'kukakoka pakati pa zala moyang'anitsa ku windo. Kakatambasuka mpaka kuwala kuonekera osang'ambika, ndamaliza. Ukakhala wamadzi zenizeni, pakuti mbatata zina zimakhala ndi madzi ambiri, ndimawonjezera ufa supuni imodziimodzi, osati dzanja.

Ena amafunsa za ufa wa tirigu wosakonola, makamaka poti a ku Tsangano amalima tirigu ndipo amatha kukagayitsa kuchigayo. Ndi wabwino, umakhutitsa msanga, koma makalori ake sasiyana kwenikweni ndi woyera. Ndikauthira sindipitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a ufa wonse, ndipo ndimawonjezera mkaka masupuni awiri chifukwa gaga amamwa madzi. Kupitirira apo mwaphika buledi wa sinamoni, osati banzi.

Ndimauika m'beseni lopaka mafuta, n'kuvundikira ndi nsalu yonyowa kuti ufufume mpaka ukule kawiri. Kuno kumapiri, mu June ndi July, zimatenga maola awiri kapena kuposa, moti beseni ndimaliika padzuwa kuseri kwa khoma kopanda mphepo, kapena pafupi ndi mbaula. Mu October ola limodzi limakwana. Mchemwali wanga amakhala mumzinda wa Tete, ndipo ndi kutentha kwa kuchigwa cha Zambezi kuja ufa wake umadzaza beseni ola lisanakwane. Yang'anani ufa, osati wotchi.

Podikira ndimakonza za mkati. Majarini magalamu 30 ndi masupuni aakulu awiri okha, ndipo mukawaona m'mbale mumaganiza kuti sakwanira. Ndimawasiya afewe, osasungunula, n'kuwasakaniza ndi shuga, sinamoni, kamchere ndi mkaka supuni imodzi mpaka zikhale phala lopakika. Kusakaniza kumeneku kumathandiza kuti zochepa zifalikire paliponse, komanso shuga sathothoka podula. Shuga wabulauni ndimamusankha chifukwa cha kakomedwe kake. Amene amati sanenepetsa amadzinamiza, makalori ake ndi omwewo ndi woyera. Uchi nawonso umanenepetsa.

Ufa ukafufuma ndimaufinya kuti mpweya utuluke, n'kuuyala pathebulo ndi botolo loyera mpaka ufike masentimita 45 m'litali ndi 30 m'lifupi. Ndimapaka phala lija ndi kumbuyo kwa supuni, n'kusiya kamzere kosapaka m'mphepete mwa mbali imodzi yaitali. Kenaka ndimaupinda kuchokera mbali inayo ngati mmene timapindira mphasa, osamanga kwambiri, chifukwa mpukutu wothina umatumphuka pakati ukamapsa. Kamzere kosapaka kaja ndimakanyowetsa ndi madzi n'kutsina kuti kamate.

Podula sindigwiritsa mpeni, umaphwatalala mpukutu wofewa chonchi. Ndimatenga ulusi wosokera, n'kuulowetsa pansi pa mpukutu, kupingasa nsonga zake pamwamba, n'kukoka. Umadula bwinobwino mizere ya sinamoni n'kumaoneka yozungulira. Ndimadula pakati, kenaka theka lililonse pakati, ndipo chidutswa chilichonse patatu, zimakwana 12. Mukadula 15, banzi limodzi limatsikira pa makalori pafupifupi 200, ndipo kunena zoona njira yosavuta kuposa zonse yochepetsera ndi imeneyi. Ndimawandandalika m'thireyi yopaka mafuta pang'ono, motalikirana chala chimodzi, n'kuvundikiranso kwa mphindi 30 mpaka 45, mpaka ayambe kugundana. Kugundanako n'kofunika. M'mbali mogundana simuuma, ndipo banzi lopanda mafuta ambiri likufunika thandizo limeneli.

Mu uvuni wa magetsi ndi madigiri 180, mphindi 20 mpaka 22. Koma uvuni umadya Credelec, magetsi olipiriratu aja, ndiye kawirikawiri ndimaphika pambaula. Ndimathira mchenga wouma m'poto wamkulu, wokuya zala ziwiri, n'kuikapo timiyala titatu tofanana. Potoyo amatenthedwa ali wovundikira kwa mphindi khumi. Thireyi imakhala pa timiyalato, osakhudza mchenga, ndipo pachivundikiro ndimaika makala amoto ochuluka kuposa otsala pansi. Pansi pakachuluka moto, shuga wotsikira m'thireyi amapserera n'kuwawa pamwamba pasanapse. Pakatha mphindi khumi ndi zisanu ndimanyamula chivundikiro mosamala kuti phulusa lisagweremo, n'kuzungulitsa thireyi. Fungo la sinamoni likafika kubwalo, atsala pang'ono. Ndimawachotsa pamwamba pakangofiira pang'ono, banzi lapakati likamabwerera ndikalidina. Kudikira kuti ade ngati buledi wa ku padaria, kophikira buledi wogulitsa, n'kuwaumitsa.

Akangotuluka ndimawapaka mkaka supuni imodzi pamwamba n'kuwaphimba ndi nsalu kwa mphindi khumi, nthunzi ifewetse khungu. Za pamwamba ndi shuga wa icing magalamu 40 wosakaniza ndi yogati wopanda shuga masupuni awiri. Chambiko chimagwiranso ntchito, ndipo kuwawasa kwake kumapangitsa kuti kutsekemera kochepako kumveke. Shuga wa icing akasowa, ndimasinja shuga wamba mu kamtondo n'kusefa. Sindipaka ayi, ndimangodontheza timizere ndi foloko.

Apongozi anga atalawa anandifunsa kuti, "Kodi mwana wanga, amenewa ndiye a anthu a matenda a shuga aja?" Ndinawayankha kuti ayi amayi, ndipo ndikubwereza pano chifukwa ambiri amaganiza choncho. Banzi limodzi likadali ndi shuga wothira magalamu pafupifupi 12, omwe ndi masupuni aang'ono atatu, ndipo ufa wa tirigu woyera nawo umasanduka shuga m'magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo likuti kutsikira pa 25 n'kwabwino koposa. Banzi lakale lija lokha linali ndi magalamu 35. Latsopanoli limasiya malo, koma mukalidya ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga mwatsala pang'ono kufika pa 25 paja kadzutsa asanathe. Wodwala shuga afunse kuchipatala. Sinamoni ndi wokometsera chakudya, salowa m'malo mwa mankhwala.

Kusiyana ndi akale kulipo, sindibisa. Pansi pa thireyi sipakhala manyuchi omata aja amene ana amakanganirana, ndipo zala sizichita mafuta. Chimene chimatsala ndi kufewa ndi fungo, komanso mtundu wachikasu umene ufa wokha sungapereke. Ndinaona kuti pansi pa magalamu 70 a shuga wa mkati, sinamoni amayamba kuwawa pakhosi, ndiye pamenepo ndi pamene ndimaima.

Mbatata imasunga chinyezi, moti mawa lake amakhala akadali ofewa ngati mwawatsekera m'chidebe atazizira. Tsiku lachitatu amayamba kulimba. Ndimawaika pa sefa pamwamba pa madzi owira, n'kuvundikira mphindi ziwiri, amabwerera. Amene ndikufuna kusunga sindiwathira za pamwamba, chifukwa yogati sachedwa kusasa kukatentha. Muli ndi filiji, mutha kudula mipukutu madzulo, kuigoneka mmenemo ili yovundikira, m'mawa n'kuitulutsa ikhale panja ola limodzi makala akuyaka.