Ulendo wa ku Xenia: tidanyamula makuponi m'malo mwa mawailesi

Bungwe lathu la okonda kudzipangira timawailesi ta mphamvu zochepa lidatituma ku Hamvention, msonkhano waukulu wa anthu omwe amalankhulana pa wailesi mongosangalala, osati pofuna malipiro. Umachitika mwezi wa Meyi ku Xenia m'chigawo cha Ohio ku America, kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, ndipo eni ake ndi a Dayton Amateur Radio Association omwe adauyambitsa mu 1952. Kale unkachitikira ku Hara Arena, koma malowo atatsekedwa mu 2016 adausamutsira ku bwalo la zionetsero la Greene County. Lipotili ndalembera mamembala omwe mudasonkha ndalama za mphoto za maere a pa tebulo lathu koma simudathe kupita nawo.

Za panjira palibe zambiri. Galimoto ziwiri zidadzaza matebulo, mawaya ndi chikwangwani cha bungwe, ndipo tinkalankhulana pa wailesi pa 146.52 MHz, pomwe ambiri ku America amaitanirana akakhala paulendo. Titayandikira Xenia panalibenso chifukwa chofunsa njira, poti galimoto iliyonse kutsogolo kwathu inali ndi eriyo padenga.

Katundu wofunika kwambiri anali wopepukitsitsa: envelopu imodzi m'chikwama cha msungichuma, muli makuponi ogulira zipangizo kwa ogulitsa za wailesi. Mukumbukira kuti nkhaniyi idavuta ku msonkhano wathu. Ena ankati mphoto izioneka, wopambana anyamule bokosi anthu akuwomba m'manja, dzina la bungwe limveke. Ena ankati tigawe ndalamazo m'makuponi angapo. Achiwiriwa ndiwo adapambana pa voti, ndipo nditaona zomwe zidachitika pa tebulo lathu, ndili mbali yawo.

Taganizani za anthu omwe amaponya matikiti m'bokosi la maere. Ku America malayisensi olankhulira pa wailesi alipo atatu: Technician, General ndi Amateur Extra. Wa Technician, yemwe wangokhoza mayeso a mafunso 35, ali ndi ufulu wonse pa VHF ndi UHF (mafunde omwe kawirikawiri safika patali), koma pa HF (mafunde ofika maiko akutali) gawo lake ndi laling'ono: Morse, uthenga wa timaphokoso tatifupi ndi tatitali, pa mafunde a mamita 80, 40, 15 ndi 10, ndipo mawu amaloledwa pa kachigawo ka mamita 10 pokha. Mukamupatsa wailesi yaikulu ya HF, mbali yaikulu ya mphotoyo idikira kaye kuti alembe mayeso ena. Wa Extra yemwe wakhala pa wailesi kuyambira ali mnyamata ali nawo kale mawailesi odzaza shelefu, ndipo yatsopanoyo mwina mawa lake ipezeka pa msika wa zakale womwe uli panja pa bwalo lomwelo. Maere sasankha. Kuponi ndiye imakwanira aliyense mwa awiriwa.

Masana a Loweruka tikiti idagwera mnyamata wina yemwe adabwera ndi agogo ake aamuna. Callsign yake, zilembo ndi nambala zomudziwira pa wailesi, inali yatsopano kwambiri moti baji ya pachifuwa adachita kulemba ndi cholembera. Atatsegula envelopu nkhope idagwa pang'ono, sindibisa. Amayembekezera chinthu cha mabatani. Wapampando wathu adamufunsa kuti, "Mwanawe, kunyumba uli ndi chiyani kale?" Iye adati ali ndi kawailesi ka m'manja ndi kena ka Morse ka mamita 40 komwe agogowo adamupatsa, koma sadamvepo munthu aliyense. Atafunsidwa za eriyo, adati adakoloweka kawaya pa windo.

Apa mpomwe tebulo lathu lidasanduka kalasi. Mmodzi mwa akuluakulu athu adatenga pepala n'kujambula dipole: mawaya awiri, aliyense wotalika pafupifupi mamita 10, olumikizidwa pakati ndi chingwe cha coax cha ma ohm 50, n'kukwezedwa m'mwamba momwe mitengo ingalolere. Adamuuza kuti adule waya motalikirapo, kenako aziyeza SWR, muyeso wosonyeza ngati eriyo ikugwirizana ndi wailesi, n'kumachepetsa wayayo pang'onopang'ono, chifukwa wodulidwa kale sabwerera. Agogowo adangoti, "Ndakhala ndikumuuza zomwezi, koma poti ndine agogo ake samva." Mnyamatayo adapita kwa ogulitsa, n'kubwerako ndi mpukutu wa coax, zolumikizira ziwiri ndi kamita koyezera SWR. Palibe mmodzi wa ife akadaganiza zoika coax pa tebulo la mphoto. Ndi chinthu chosasangalatsa m'maso, koma ndicho chidasowa pakati pa wailesi yake ndi dziko lonse.

Ife a QRP, omwe pa Morse sitipitirira mawati 5, timadziwa kuti eriyo yabwino imaposa mphamvu zambiri. Ndipo ngakhale boma la America lidachotsa mayeso a Morse mu 2007, pa tebulo lathu achinyamata ankachita kulimbirana kiyi ya Morse kuti ayese kutumiza CQ, chizindikiro choitanira aliyense amene akumva. Izi ndangodutsamo, koma a komiti ya maphunziro azimve.

Kuponi ina idapita kwa mayi wina wa layisensi ya General yemwe amanyamula wailesi kupita nayo m'mapaki. Sadaganize kawiri, adati batire. Bambo wina wachikulire atapambana adaipereka pomwepo kwa mtsikana yemwe adangotuluka m'chipinda cha mayeso atakhoza. Bokosi lolemera sakadalipatsira mnzake mosavuta chonchi.

Zovuta zilipo ndithu. Kuponi sikopa anthu ali patali ngati wailesi yonyezimira, choncho tebulo lathu linkayamba mozizira mpaka wina atakuwa kuti maere ayandikira. Wopambana wina adachoka nthawi isadakwane, ndipo callsign yomwe adalemba pa tikiti sinkawerengeka bwino, moti msungichuma akufufuzabe mwini wake. Komanso kuponi ya wogulitsa mmodzi imamumanga munthu ngati chomwe akufuna chili kwa wina.

Ndikupempha komiti kuti chaka chamawa tigule makuponi kwa ogulitsa awiri kapena atatu, tikonze matikiti okhala ndi malo okwanira olembapo callsign, ndipo m'envelopu iliyonse tiikemo kapepala kosonyeza tsiku ndi frequency yomwe bungwe lathu limakumana pa wailesi. Malisiti onse ali kwa msungichuma, ndipo adzawawerenga pa msonkhano ukubwerawu.

73 (mafuno abwino) kwa nonse.